Kapepala ka a Namakhwa

"Ayi, ayi, ikani pansi. Musauzire. Mwauzira kale?"

"Pang'ono pokha, madala."

"Malovu alibe pang'ono. Bweretsani kuno."

Anandilanda kasetiyo ngati ndanyamula khanda lawo chadodolido. Anatenga kamtengo ka machesi, n'kukulunga thonje kunsonga, n'kuviika m'kabotolo ka sipiriti, n'kuyamba kupukuta timano tachitsulo takunsi kwa kasetiyo, kamodzikamodzi, osafulumira.

"Ku Mangalande kwanuko amauzira?"

"Aliyense amauzira ikakana kuyaka. Dziko lonse lapansi."

"Ndiye dziko lonse lapansi likudyetsa katundu wake dzimbiri. Takhalani apa. Mukundichititsa chizungulire ndi kuyendayenda kwanuko."

Umu ndi mmene ndinadziwirana ndi a Kefasi Namakhwa, mu Juni 2006, mumsika wa pa Boma ku Mchinji. Ine ndinali nditangotha miyezi itatu chibwerere kuchokera ku Leeds, komwe ndinakhala zaka seveni mpaka mapepala anga atatha mphamvu. Pakhomo pa mayi anga sipankakhalika. Ndikati ndikhale, miyendo inkandiyabwa. Ndinkadzuka, kupita kudepoti, kuonerera maminibasi a ku Lilongwe akudzaza, kubwerera, kumwa madzi, kupitanso. Ndinkangoyang'ana wotchi m'tauni momwe munalibe aliyense wondidikira.

Benchi ya a Namakhwa inali pakati pa wogulitsa masipeya a njinga ndi mayi wina wa kaunjika. Panali kativi kakang'ono, batire la galimoto pansi, ndi makina a gemu otchipa aja amene anadzaza m'dziko muno zipani zitangoyamba kuchuluka. M'bokosi lamatabwa munali makaseti ake: timabokosi tapulasitiki tachikasu, tokula ngati chikhatho, timene umalowetsa pamwamba pa makinawo kuti magemu aoneke pa tivi. Nditawaona, ndinawazindikira.

Ku Leeds ndinkagwira ganyu Loweruka lililonse m'sitolo ya zinthu zakale. Kumeneko makaseti a magemu akale ankakhala m'kabati yagalasi, yokiya. Ogula anali azibambo aimvi, ndipo ambiri sankasewera n'komwe, ankangosonkhanitsa. Ankabwera ndi galasi lokulitsira zinthu m'thumba, chifukwa mantha awo anali amodzi: kugulitsidwa kaseti yokopera, imene iwo ankaitcha ripuro, pamtengo wa yeniyeni. Wina anabweza kaseti chifukwa choti utoto wofiira wa pachithunzi unali wofiira mopitirira. Koma chakumapeto kwa nthawi yanga kunabuka gulu lina, lotolera zabodzazo mwadala. Ankafuna zachikasu ngati izi, zokhala ndi mapepala a kufakitale olonjeza magemu 9,999 m'kaseti imodzi, ndi zithunzi za asilikali aminofu ndi ndege zimene mkatimo mulibe. Ankati n'zoseketsa, ndiponso kwawoko n'zosowa. Ndiye apa zinali mbwee m'bokosi, pamtengo wa nkhuku. Ndinaona tikiti yanga yobwerera kunja itagona pamenepo.

Vuto linali limodzi. Makaseti awo analibe mapepala a kufakitale aja. Iliyonse inali ndi kapepala kodula m'kope la kusukulu, kolembedwa ndi bolopeni yabuluu, komata ndi selotepi m'mbalimbali.

"Madala, mapepala amene anabwera nawo aja ali kuti?"

"Amayi akunyumba kwanga, a Veronika, amayatsira mbaula."

"Onse?"

"Bodza limayaka bwino, achimwene."

Ndinagula imodzi, kuti ndisachoke chimanjamanja. Kapepala kake kankati: Yayesedwa. Magemu enieni 11. K. Namakhwa, pa Boma. Pakona panali kadontho ka inki pamene bolopeni inasanza.

Ndinabweranso mawa lake, ndi mkucha wake, poti ndinalibe kopita. Mbiri yawo ndinaimva choncho, m'zidutswa, pakati pa makasitomala.

A Namakhwa sanali a ku Mchinji. Anabadwira cha ku Phalombe, pabanja la ana naini ndi munda wosakwana ekala. Mu 1981 anakwera lole ndi akazi awo a Veronika, mphasa ndi mapoto awiri, kudzakhala matenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Kapondo. Chaka chachitatu kapitawo anazindikira kuti munthuyu ali ndi zala. Akagwira tsamba la fodya, asanaliyang'ane n'komwe, ankadziwa kuti lachokera kunsi kwa mtengo kapena kunsonga, lauma bwino kapena lapsa. Anawachotsa kumunda n'kuwaika m'shedi yosankhira fodya, ndipo anakhala mmenemo zaka thwelofu akugawa masamba m'magiredi. Mpaka pano chifuwa chawo chimalira ngati chitseko chakale, fumbi la m'shedi ija.

Zipani zitabwera, aliyense atayamba kulima fodya wa bale m'munda mwake, esiteti ija inayamba kufota. Mu 1995 anawaonetsa msana wa njira. Ku Phalombe kunalibe munda wowadikira, ndipo ana awo atatu Chilomwe sankachidziwa n'komwe. Anagula njinga n'kuyamba kudutsa pa Mwami kupita ku Chipata kukapikula sopo, zitenje, mabatire a wayilesi. Tsiku lina wamalonda wina kumeneko anawakakamiza katoni ya makaseti. Anthu a kumalire kuno anali ndi mativi kale, ankakoka kanema wa ku Zambia dziko lathu lisanakhale ndi wake.

"Yoyamba ndinagulitsa kwa kalaliki wina," anandiuza. "Ndinamuwerengera mmene panalembedwera: naini sauzande, naini handiredi, nainte naini. Patapita masiku awiri anabwera. Akuti magemu ndi anayi, enawo ndi omwewo akungobwereza. Anandifunsa msika wonse ukumva kuti, 'Bambo, kutchalitchi mumapita?' Ine tcheya wa mphakati, achimwene. Tcheya!"

Sabata yomweyo anabwereka makina, ndipo munthu wa zaka zoposa fote amene anali asanagwirepo gemu anakhala pansi kuphunzira. Anapeza chinyengo chonse cha kufakitale: gemu yomweyo yoyambira pakati n'kuipatsa dzina lina, akasinja omwewo opakidwa utoto wobiriwira, mpira womwewo osewera atangosintha malaya. Kuyambira pamenepo kaseti iliyonse inkadutsa m'manja mwawo ngati tsamba la fodya. Ankayamba ndi kuiyeza pachikhatho, poti yopepuka sikhalitsa. Kenako timano. Kenako kuiyatsa n'kutsika mndandanda wonse, dzina ndi dzina, akulemba timizere pa katoni. Akatha, ankanyowetsa pepala la kufakitale, kulipala, n'kumata lawo. Patsiku ankatha ziwiri. Batire likafooka, imodzi.

Kusewera sankakonda. Ndinawafunsapo kuti gemu imene amaikonda ndi iti, iwo anati, "Ndasankha fodya zaka thwelofu, sindinasutepo." Koma nkhani za azungu a ku Leeds zinkawasangalatsa.

"Mukuti amagula, osasewera?"

"Osasewera."

"Nanga amatani nazo?"

"Amaziika pashelefu. Amazijambula. Amaonetsa anzawo."

"Akazi awo amati chiyani?"

"Ambiri alibe."

"Ehe," anatero, n'kubwerera ku timizere tawo.

Zaka teni za timapepala timeneti zinawapatsa chinthu chimene wamalonda wina aliyense mumsikamo analibe. Munthu wa ku Kapondo, ku Guilleme, ngakhale ku Mkanda, sankafunika kubwera yekha. Ankangotuma kondakitala kapena mnzake wopita pa Boma: "Mukanditengere ya Namakhwa." Osaiyesa, osafunsa. Kapepala kakati seveni, ndi seveni. Otsegula tinyumba ta magemu m'misika ya kumidzi ankadalira dzina limenelo. Malata a panyumba yawo anagulidwa ndi dzina limenelo. Munda analibe, ng'ombe analibe. Anali ndi kapepala.

Ine zonsezi ndinkamva ndi khutu limodzi. Mu Julayi ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe, n'kulowa m'kafe ya intaneti, n'kuika chithunzi cha kaseti yanga ija patsamba limene otolera makaseti amachezerapo. Ndinalemba ngati nthabwala: taonani mmene mdala wina wa kwathu akuonongera katundu. Sabata yotsatira ndinapeza mayankho oposa fifite. Sankaseka. Wina wa ku Sweden analemba kuti sanaonepo chinthu chotere, kaseti yabodza yokhala ndi pepala lonena zoona. Wina anafunsa ngati mdalayo amalemba iliyonse ndi dzanja lake. Anthu sate ankafuna, aliyense yake, pamtengo woti ndinauyang'ana kawiri.

Ndinafika pabenchi ndili wefuwefu.

"Sate?" anatero a Namakhwa, osadzutsa mutu. "Mubwere Khirisimasi."

"Madala, azungu sadikira."

"A ku Mkanda akudikira zinayi. Aphunzitsi a ku Guilleme ziwiri. Azungu anuwo alowe pamzere."

"Koma sadzasewera n'komwe! Akungofuna kapepalako. Inu mungolemba, ine ndimata."

Apa anadzutsa mutu. "Ndilembe nambala yanji?"

"Iliyonse."

"Iliyonse," anabwereza pang'onopang'ono, ngati akulawa chinthu chosasa. "Mwadya kodi? Pitani mukadye."

Sindinapite kukadya. Loweruka la sabata yomweyo ndinabwerera ku Lilongwe n'kulowa m'kashopu kena kosindikiza makadi aukwati. Anajambula kapepala kaja ndi makina: mizere ya kope, kupendekera kwa zilembo, kadontho ka inki, zonse. Anati sasindikiza zochepera thu handiredi. Ndinati sindikizani. Kunyumba ndinatidula ndi sizasi mokhotakhota dala, n'kutipaka kafumbi. Ndinkanyadira. Ndinkati ndi nzeru zimene munthu amabwera nazo akayenda.

Makaseti osayesa ndinakagula pa Mwami kwa Jonasi, mkulu wina wa ku Chipata wogulitsira m'thumba. Ndinamatira pompo, pansi pa mtengo wa mango, kuti ndithamangire kukatumiza. Jonasi anatola kapepala kamodzi n'kuliza likhweru.

"Ba bosi, iyi ni Namakhwa! Mwaipeza kuti?"

"Izi ndi zopita kunja. Sizikhala kuno."

"Nanga zosala? Muzataya? Nipaseniko, nizachosako mutengo."

Ndikanakonda kunena kuti ndinalimbana ndi mtima wanga. Sindinalimbane nawo. Minibasi inali ikuliza hutala. Ndinamupatsa envelopu yonse ya timapepala totsala n'kuthamanga.

Miyezi iwiri inadutsa. Ndinkapitabe kubenchi, ndinkawagulira fanta, ndinkaseka kwambiri kuposa mmene nthabwala zawo zinalili. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunafika mayi wina pa njinga, fumbi mpaka m'nsidze. Anali a Stelia Miti a ku Kapondo, amene anagulitsa mtedza wawo wa chaka chonse n'kutsegula kanyumba ka magemu pafupi ndi chigayo. Moni sanapereke. Anaponya kaseti pabenchi.

"Bambo Namakhwa, mwakalamba kapena mwayamba kuba? Sankhanipo chimodzi."

"Takhalani pansi, mayi."

"Sindikhala! Apa mwalemba leveni. Mkatimu muli awiri, mpira ndi akasinja. Enawo ndi akasinja omwewo atavala yunifomu ina. Anthu akunditcha Mayi Akasinja kwathu, mukumva?"

Wa masipeya anaseka. A Namakhwa sanaseke. Anatola kasetiyo, n'kuiyeza pachikhatho, n'kuyang'ana kapepala. Kenako anatsinzina, n'kuyendetsa chala chachikulu pamwamba pa zilembo, uku ndi uku.

"Munaigula kwa ine?"

"Kwa wina wa panjinga, tsiku la msika. Koma dzanja ili ndi la yani? Si lanu?"

"Dzanja ndi langa. Koma bolopeni sinaponde apa. Bolopeni imasiya kanjira. Apa m'posalala ngati mbale."

"Za kanjira ine sindidziwa. Ndikudziwa kuti ku Kapondo zadzaza. Zonse leveni, leveni, leveni, ngati munaiwala manambala ena."

Anatsegula maso. Chala chawo chinapita pakona, pa kadontho ka inki, n'kuima. Kadontho kameneko kanagwera pa kaseti imodzi yokha, ndipo ankakumbukira amene anaigula. Anandiyang'ana. Anatsegula bokosi, n'kusankha ina yolemera, ya magemu naini, n'kuwapatsa a Stelia ndi manja awiri.

"Pepani, mayi. Muwauze onse amene ali ndi ya leveni abwere nayo. Ndisintha."

"Ulere?"

"Dzina ndi langa."

Mayiwo atapita, ndinayamba kulongolola. Ndinati sindinkadziwa, ndinati zinali zopita kunja, ndinati Jonasi. Anandidula.

"Zingati?"

"Thu handiredi. Sate zinapita kunja."

"Zotsalazo zili kwa anthu anga."

Kenako anati, "Ku okushoni, a Lonjezo, akatumbula belo la fodya n'kupeza zinyalala pakati, safunsa kuti waikamo ndani. Amawerenga nambala ya pachiguduli. Ndinaonapo mlimi wabwino akulira ngati mwana chifukwa mlamu wake anabisa masamba owola m'belo limodzi lokha. Chaka chotsatira mabelo ake onse ankawatumbula, abwino omwe." Aka kanali koyamba kunditchula dzina m'malo mwa achimwene. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa lezala lokulunga m'pepala. "Muli ndi miyendo yosakhazikika. Ipatseni ntchito."

Masabata atatu ndinazungulira boma lonse pa njinga ya malume anga. Ku Kamwendo ndinapala timapepala thwelofu. Ku Guilleme wogulitsa wina anandithamangitsa ndi pampu ya njinga, ndipo sindimuda: ndani angalole mlendo kupala chinthu chimene chikumugulitsira katundu? Ena ndinkawagula kaseti yonse kuti ndingochotsapo kapepala. Ku Kapondo a Stelia anandizindikira, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ana lezala, n'kumvetsa zonse popanda kuuzidwa.

"Ndiye ndi inu? Munakhala phee tsiku lija ngati mlendo wa pamaliro!" Anandipatsa madzi akumwa, kenako anandiyendetsa khomo ndi khomo. Paliponse ankandilengeza: "Uyu ndi amene anabereka leveni uja. Mpatseni apale."

Ku Mkanda ndinapeza choipa kuposa zonse: kaseti ya leveni yomwe kapepala kake kanali kotuwa, kadontho kaja katasanduka chibanga. Wina anali atajambula pa fotokope kapepala kanga kokopera kaja. Nditafika pa Mwami, Jonasi anandilandira ngati m'bale wake.

"Ba bosi! Zija zinasila kudala. Manje tipanga tekha. Mufunako zingati?"

Akunja aja nawonso anandigwira. Awiri anaika zithunzi za makaseti awo pamodzi: leveni, leveni, kadontho pamalo amodzimodzi. Wa ku Sweden uja anaika kapepala pansi pa galasi lake n'kuonetsa timadontho ta makina osindikizira. Anandichotsa patsamba lawo, dzina langa n'kuliika pamndandanda wa ogulitsa maripuro. Zinandiwawa, ndipo ndinachita manyazi kuti zinandiwawa, chifukwa nthawi yomweyo bokosi la a Namakhwa linali likuphwa. Anthu ankabwera ndi za leveni tsiku ndi tsiku, iwo n'kumasintha, osakangana ndi aliyense. Pansi pa benchi panali thumba lodzaza makaseti opepuka.

A Veronika, amene ankawabweretsera chakudya masana, anandipeza tsiku lina nditangotsika panjinga.

"Ndinu a Lonjezo aja? Mwana wa a Consolata a kuchipatala?"

"Eya, amayi."

"Mayi anu anakutumizani kunja kukaphunzira, inu n'kubwerako ndi fotokope." Anaika kontena pabenchi. "Bambo awa maso awo anathera pa kativi aka. Mumadziwa zimenezo? Ayi, musayankhe. Mungandiyankhe Chizungu."

Koma chimene chinawathyola a Namakhwa sichinali kuphwa kwa bokosi. Anali kondakitala wina amene anakhala akugula kwa iwo zaka ndi zaka. Anatola kaseti pabenchi pawo pomwe, m'bokosi lawo lomwe, n'kuitembenuza kawiri, n'kufunsa mwaulemu ndithu, "Madala, iyi ndi Namakhwa yeniyeni?"

Ndinali pomwepo. Sanakwiye. Anangoyang'ana zala zawo ngati ndi za munthu wina, n'kunena kuti, "Bwerani mawa." Tsiku limenelo anatseka dzuwa likadali pamutu.

Mawa lake ndinafika ndi nzeru zanga. Chidindo. Inki yofiira. Nambala yachinsinsi pa kaseti iliyonse. Timapepala tonyezimira toitanitsa ku Joni. Anandisiya mpaka mpweya unandithera.

"Chilichonse chimene ndingalembe ine, wina ajambula. Mwandiphunzitsa ndinu."

Ndi pamene ndinaona kuti makaseti onse otsala m'bokosi anali atapalidwa. Timapepala tawo tenitenito anachotsa okha. Pa iliyonse panali kapepala koyera, kopanda chilembo. Pabenchi panali mbale yachitsulo, kachitini ka chimanga, ndi bolopeni yomangirira chingwe.

Kuyambira tsiku limenelo, wofuna kaseti kwa a Namakhwa amakhala pansi. Amayatsa makina n'kutsika mndandanda yekha, iwo ali pambali. Gemu yatsopano ikaoneka, wogula amaponya njere imodzi ya chimanga m'mbale. Ikakhala yobwereza, saponya. Pomaliza amawerenga njerezo n'kulemba nambala ndi dzanja lake. Wosadziwa kulemba amalemba timizere. Dzina la Namakhwa silionekanso pa kaseti iliyonse yochokera kwa iwo, ndipo anauza msika wonse kuti imene ili ndi dzina limenelo si yawo.

Anthu anadandaula. Makondakitala analibe maola awiri okhala pabenchi, ndiye otuma a ku Mkanda ndi ku Guilleme anasiya kutuma. Ena anapita kwa a leveni aja, otchipa, osadikiritsa. Malonda anatsika, ndipo sanabwererenso pakale. Chipinda chimene ankafuna kuwonjezera kunyumba chinathera pamaziko. Koma a Stelia anabweranso pa njinga yawo, n'kukhala mmawa wonse akukangana ndi mdalayo ngati ndege yofiira ndi ndege yabuluu ndi gemu imodzi. Pomaliza analemba eyiti wamkulu wodzaza kapepala konse.

"Iyi ikandinamiza," anatero, "ndiye kuti ndadzinamiza ndekha."

Mvula yoyamba itagwa, mu Disembala, ndinali ndi ulendo wa ku Lilongwe kukafunsa za ntchito ina. Ndinadutsa pabenchi kuti ndingotsanzika. Sindikudziwa chimene chinandigwira.

"Madala, ndikufuna kugula imodzi."

"Minibasi yanu ikudzaza."

"Ibwera ina."

"Makina muli nawo kunyumba?"

"Ndilibe."

Anasuntha pabenchi. "Khalani."

Mndandanda unali ndi mayina folo handiredi. Pofika pa fote msana unali ukuwawa. Pofika pa handiredi ndinali nditadzuka kawiri, iwo n'kundikoka malaya kawiri. Ndinamva kondakitala akukuwa, "Lilongwe awiri! Lilongwe awiri!" kenako injini ikuzimirira cha kumsewu. Penapake pakati ndinaponya njere.

"Chotsani."

"Iyi ndi ina, madala. Taonani, kuno kuli madzi."

"Kamunthuko kakudumpha bwanji?"

Ndinayang'ana. Kankadumpha chimodzimodzi ndi ka pa nambala fili. Ndinachotsa njere ija.

"Mwaona? Maso muli nawo. Chimene mulibe ndi matako."

Tinamaliza dzuwa litapendeka. M'mbale munali njere sikisi. Anandipatsa bolopeni, ndinalemba, ndinalipira. Iwo anabwezera chimanga m'chitini n'kuitana wotsatira, mlimi wina amene ankadikira atatsamira khasu latsopano. Sanandiuze kuti andikhululukira, ine sindinafunse.

Kunayamba kuwaza. Ndinabisa kasetiyo mkati mwa malaya n'kulowera kunyumba kudzera kuseri kwa chipatala. Mayi anga ndinawapeza akusenda mtedza wa mbewu.

"Iwe, si unati ukupita ku Lilongwe?"

"Ndipita mawa."

"Nanga m'malayamo wabisa chiyani?"

"Magemu sikisi."

"Sikisi okha? Anzako amagula za masauzande."

"Sikisi, amayi. Ndawerenga ndekha."

Ndinalowa m'nyumba, n'kuipukuta madontho a mvula ndi kansalu, n'kuiika pazenera.